Zifukwa za Mfumu Ndamvakale

M'dziko la Tingotero munali akuluakulu ambiri onena kuti amadziwa Chingerezi, koma kunyumba ya mfumu kukafika kalata yaitali, onsewo ankapezeka kuti aiwala magalasi awo kunyumba. N'chifukwa chake Mayi Esinati Kalimbuka, amene anaphunzitsa Chingerezi kupulayimale zaka makumi awiri ndi zisanu, anakatengedwa atapuma kale pantchito kuti akhale womasulira wa Mfumu Ndamvakale Yachitatu. Ntchitoyo sanaifunsire. Ku Tingotero ntchito za kunyumba ya mfumu zimangomugwera munthu ngati chimfine.

Dzina la mfumuyi silinali langozi. Munthu akati atsegule pakamwa kuti aiuze kanthu, iyo inkakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndamva kale." Inkamva kale za njala, za matenda a ng'ombe, ngakhale za maliro a munthu amene anali asanamwalire. Choncho ntchito ya Mayi Esinati inali yopepuka, popeza makalata ambiri ankathera pa moni.

Amuna awo, a Dafuleni, anali telala pakhonde la sitolo ina mumsika wa Tayimani, ndipo makina awo anali opalasa ndi phazi. Ankadwala matenda a shuga. Mwezi ndi mwezi ankawoloka mtsinje wa Sindinaone kukatenga mankhwala kuchipatala cha kutsidya, chifukwa mzinda wa Mpandowanga, likulu la dzikolo, unali ndi mabwalo atatu ovinirapo ndi chipilala chachitali cha mfumu, koma chipatala unalibe.

Pamtsinjepo panali mlatho wachitsulo wopakidwa utoto wofiira. Tsiku lina m'chilimwe mfumu ikudutsa pamenepo inaimitsa galimoto, n'kutsika, n'kuuyang'ana mlathowo nthawi yaitali. Kenako inalamula kuti aumasule. Patangotha masabata awiri mlatho unali utaima kutsogolo kwa nyumba ya mfumu, pakapinga pomwe panalibe ngakhale ngalande. Pansi pake anadzalapo maluwa. Mlendo aliyense wofuna kuonana ndi mfumu ankayenera kukwera mlathowo n'kukatsikira mbali ina, ngakhale kuti kuulambalala kunali kwapafupi.

Anthu sanadandaule kwambiri. Nthawi imeneyo madzi anali a m'mawondo, ndiye ankangopinda mathalauza ndi zitenje n'kuwoloka.

"Mwina akufuna auphunzitse ulemu," anatero a Dafuleni pouza akazi awo. "Unazolowera kupondedwa ndi aliyense."

Anthu akunja amene anathandiza kumanga mlathowo anabwera kudzauyendera, ndipo anapeza zipilala zokhazokha zili njo m'madzi. Anajambula zithunzi, anadya chakudya cha masana, anabwerera kwawo, ndipo patapita mwezi anatumiza lipoti la masamba makumi anayi.

Mfumu inaitanitsa nduna zonse. Tsiku limenelo inadzuka ndi mtima wofuna kumva, mwina chifukwa pachikuto cha lipotilo panali dzina lake m'zilembo zagolide. Mayi Esinati anagwada, anaimirira, n'kuyamba kumasulira. Maso awo ankatsogola mizere iwiri patsogolo pa pakamwa, monga amachitira aphunzitsi, ndipo patsamba lachitatu anaona chinthu chimene chinawaimitsa. Panalembedwa kuti mfumu inachotsa mlatho for reasons best known to himself.

Mawu amenewa ankawadziwa bwino. Mngerezi akaona munthu wachita chinthu chopanda mutu, koma sakufuna kumunyoza pamaso, amati wachita zimenezo pa zifukwa zimene akuzidziwa bwino ndi mwini wakeyo. Kunja kwake mawuwo avala jekete ndi tayi, koma m'kati mwake muli kupukusa mutu. Iwo omwe anawalembapo kangapo pa malipoti a ana asukulu, monga pa lipoti la mtsikana wina amene pa mayeso anasiya mafunso onse n'kujambula nkhuku.

"Mwaima bwanji, amayi?" inafunsa Nduna Yaikulu, a Vomerani, munthu amene khosi lake linapindikira kutsogolo chifukwa chogwedeza mutu zaka zambiri.

Mayi Esinati anayang'ana asilikali awiri amene anali pakhomo. Anaganiza za wophika wina amene anauzapo mfumu kuti mchere wachepa m'nkhokwe, ndipo mpaka tsikulo anali akuphikabe, koma kundende. Anasankha njira imene inalibe bodza ndipo inalibenso choonadi. Anamasulira liwu ndi liwu.

"Akuti, mwini dziko, munachotsa mlatho pa zifukwa zimene inu nokha mumazidziwa bwino koposa."

Mfumu inawongoka pampando. "Bwerezani."

Anabwereza.

"Bwino koposa," inatero mfumu pang'onopang'ono, ngati ikulawa uchi. "Mwamva, a Vomerani? Anthu akutali avomereza kuti pa nkhani ya zifukwa palibe wondiposa."

"Ife tinaona kalekale, mwini dziko," anayankha a Vomerani. "Tinkangosowa Chingerezi chake."

Masamba otsalawo sanawerengedwe, popeza mfumu inali itamva kale. Madzulo a tsiku lomwelo wailesi ya dzikolo inalengeza kuti pa maina aulemu a mfumu pawonjezeka lina, lakuti Mwini Zifukwa. Inalengezanso kuti zifukwa zonse za m'dziko zizisungidwa ndi mfumu, ndipo aliyense wopezeka akufunsa kuti "chifukwa chiyani" adzakhala ngati wapisa dzanja m'thumba la mfumu. Pomaliza, Mayi Esinati anatumidwa kumsika kuti akaphunzitse anthu wamba mawu achingerezi aja, kuti aziwagwiritsa ntchito potamanda mfumu yawo.

Loweruka anaima pa bokosi la tomato pakati pa msika wa Tayimani, msilikali ali pambali pawo atanyamula bolodi. Anthu anasonkhana. Mayi Esinati ananena mawuwo, anthu anabwereza, malilime akupunthwa. Pofika ulendo wachisanu mawu onse aja anali atafupika n'kukhala liwu limodzi lokha, besitinoni.

Kutsogolo kunakhala aNaliyera, mayi wogulitsa matemba, amene ankadziwika kuti safunsa funso asanadziwe yankho lake.

"Aphunzitsi, ife tamva," anatero aNaliyera. "Koma mawuwa timawanena liti? Tipatseniko chitsanzo."

Mayi Esinati anayang'ana msilikali uja, amene anali kalikiliki kukukuta chinangwa chootcha. "Mumawanena munthu akachita chinthu, inu osachimvetsa."

"Monga amuna anga aja anasasula denga la nyumba mitambo itayamba kale kuda?"

"Mukhoza kutero."

"Kapena mlamu wanga amene anagula chishalo cha njinga, njinga alibe?"

"Kumenekonso akhoza kulowa."

ANaliyera anathamangitsa ntchentche pa matemba awo. "Ndiye ife mawuwa tili nawo kale. Timangoti kaya zawo izo." Anamwetulira. "Koma achingereziwa ndi abwino. Munthu sangamangidwe nawo."

Pasanathe sabata liwulo linali ponseponse. Minibasi ikaima pakati pa msewu popanda wotsika kapena wokwera, okwera ankangoyang'anana n'kuti besitinoni. Mwamuna akabwera kunyumba atavala malaya motembenuza, mkazi wake sankafunsanso mafunso. Ndipo mfumu ikamadutsa ndi mdipiti wa magalimoto ake, anthu ankasiya malonda n'kuthamangira kumsewu, akuwomba m'manja ndi kuimba liwulo mwachisangalalo chimene dziko la Tingotero linali lisanaonepo. Mfumu inkatsitsa galasi n'kumawabayibitsa. Inauza a Vomerani kuti sinkadziwa kuti anthu ake amaikonda chotero.

Mayi Esinati ankaseka nawo, koma pang'ono. Kenako mvula inayamba.

Sindinaone anadzaza m'masiku atatu, madzi ake ofiira akukokolola mitengo. Asodzi anabwera ndi mabwato awo n'kuyamba kuwolotsa anthu. Nkhaniyi itafika kunyumba ya mfumu, nduna zinakambirana tsiku lonse, ndipo zinagwirizana kuti bwato pamalo amenewo likupereka chithunzi cholakwika, ngati kuti pali chinachake chikusowapo. Mabwato onse analandidwa n'kuwotchedwa pabwalo lovinirapo lachiwiri.

Sabata yomweyo a Dafuleni anaponda kamsomali pakhonde lawo losokera. Kanali kabala kochepa pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanja, koma mankhwala awo anali atatha, ndipo kabalako sikanafune kupola. Mayi Esinati ankakatsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. A Dafuleni anayesa kupalasa makina ndi phazi lamanzere lokha, koma msoko unkayenda mokhotakhota.

"Ndikauza makasitomala kuti ndi sitayilo yatsopano," anatero. "Akafunsa chifukwa chake, amangidwa ndi iwo."

"Musamaseke nazo, abambo. Phazili latupa."

"Ndikalira litsika, aNangozo?" anafunsa a Dafuleni, akutchula akazi awo ndi dzina la mfunda.

Kawiri konse Mayi Esinati anagwada pamaso pa mfumu kuti apemphe chilolezo cha bwato limodzi lokha. Ulendo woyamba anangofika pa mawu akuti "amuna anga." Wachiwiri anafika pa "chipatala." Maulendo onse awiri dzanja linakwera, ndipo mfumu inali itamva kale.

Pakutha pa mwezi chala chija chinada. M'nyumba munayamba kumveka fungo limene onse awiri ankachita ngati sakulimva. M'mawa wa Lachitatu lina Mayi Esinati atamasula nsalu anaona kuti kudako kwafika pa chala chachiwiri. Anamanganso bwinobwino, anasamba m'manja, anavala duku lawo loyera n'kupita kuntchito.

Anapeza nduna zitasonkhana kale. Kunali kutabwera kalata ina yochokera kwa anthu akunja aja, yaifupi. Ankati abweranso mwezi wotsatira, ndipo adzakondwa kwambiri kumva zifukwa zija kuchokera kwa mwini wake.

"Adzazimva," inatero mfumu. "Ndidzawauza zonse." Inasisita chibwano. Inayang'ana pawindo, kumene mlatho unali chiimire pamwamba pa maluwa, mvula ikuutsuka. "A Vomerani, tandikumbutsani. Paja ndinauchotsa chifukwa chiyani?"

Nduna zonse zinayang'ana pansi. Msilikali mmodzi wa pakhomo anasuntha phazi mwachizolowezi atamva funso loletsedwalo, kenako anakumbukira amene wafunsa, n'kulibweza phazilo mwakachetechete.

"Mwini dziko," anatero a Vomerani, thukuta likuwatsika, "lamulo likuti zifukwa mumasunga ndinu. Ine ndikapezeka nacho chimodzi, ndiye kuti ndaba."

Mfumu inafunsa Nduna ya Misewu, imene inayankha kuti tsikulo inali ndi malungo. Inafunsa Nduna ya Zokongoletsa Dziko, imene inati inangoyang'anira za maluwa. Pomaliza inatembenukira kwa womasulira wake.

"Amayi, tengani lipoti lija. Anthu amene anatamanda zifukwa zanga ayenera kuti anazilembamo. Werengani pamene anazitchula."

Mayi Esinati anagwira lipotilo osalitsegula. Sanali munthu wolimba mtima, ndipo ankadziwa. Koma m'manja mwawo munali mukumvekabe fungo la nsalu ija, ngakhale anasamba ndi sopo kawiri.

"Mulibe, mwini dziko."

"Mulibe bwanji?"

"Sanazilembe chifukwa sakukhulupirira kuti zilipo. Ine ndinakumasulirani mawu, koma tanthauzo ndinalibisa. Mawu aja si otamanda. Mngerezi amawanena akaona munthu wachita chinthu chopanda nzeru, n'kufuna kumuseka mwaulemu. Amatanthauza kuti iye wafufuza chifukwa, sanachipeze, ndipo akukayika ngati mwini wakeyo ali nacho." Anaika lipotilo pansi. "Amuna anga akuwola phazi, mwini dziko. Chipatala chili kutsidya, mlatho uli pamaluwa."

Aliyense anayang'ana dzanja la mfumu. Dzanjalo silinakwere. Akuluakulu amene analipo amati aka kanali koyamba mu ulamuliro wake wonse kuti mfumu imve chinthu chimene inali isanamve kale.

"Akudziwa zimenezi ndani?" inafunsa motsitsa mawu.

"Msika wonse."

"Aja amaimba m'mbali mwa msewu aja?"

"Ndi kumidzi komwe, mwini dziko."

"Ine ndinkakayikira ndithu," anayamba motero a Vomerani, koma mfumu inawayang'ana, ndipo mawu otsalawo anabwerera m'mimba.

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Mayi Esinati Kalimbuka, chifukwa chosocheretsa mfumu ndi kuphunzitsa anthu chipongwe, athamangitsidwe mumzinda wa Mpandowanga pamodzi ndi banja lawo, akatayidwe kutsidya kwa Sindinaone tsiku lomwelo la Lachitatu lisanathe, ndipo asadzabwererenso. Mlembi analemba, mfumu inadinda chidindo, ndipo wailesi inalengeza nduna zisanatuluke n'komwe.

Pamenepo mkulu wa asilikali anatsokomola. Anapempha kukumbutsa bwalo, mwaulemu wonse, kuti mtsinje ndi wodzaza, ndipo mabwato anawotchedwa.

Vutoli linali lalikulu, pakuti ku Tingotero mawu odindidwa chidindo sabwezedwa. Nduna ina inati angowaponya m'madzi. Nduna ya Malamulo inatsutsa, ikuti chigamulo chanena kutsidya, ndipo madzi sangadaliridwe, akhoza kuwalavulira tsidya lino, boma n'kuchita manyazi. Ina inati adikire chilimwe, koma chigamulo chinali chitanena Lachitatu. Anakangana mpaka tiyi anazizira. Mayi Esinati anali chigwadire pakona, oiwalika.

Mwadzidzidzi mfumu inamenya tebulo. "Anthu inu mitu yanu imagwira ntchito? Mlatho tili nawo panja apa."

Nduna zinatembenukira kuwindo ngati zikuuona koyamba. Nkhope ya mfumu inayamba kuwala.

"Eya. Ndakumbukira tsopano. Ndinauchotsa kuti ndiusunge. Ndinadziwa kuti tsiku lidzafika limene boma lidzaufune pa ntchito yofunika."

A Vomerani anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja, misozi ili m'maso, ndipo onse anatsatira.

Kubwezeretsa mlatho pa mtsinje wodzaza si ntchito ya tsiku limodzi. Asilikali ndi akaidi anagwira masiku asanu ndi anayi. Pofuna kuti chigamulo chisaphwanyidwe, wailesi inalengeza kuti Lachitatu lipitirira mpaka mfumu itanena kuti latha. Ana asukulu ankalemba Lachitatu pamwamba pa tsamba m'mawa uliwonse, ndipo a mipingo anadikira Lamulungu osalipeza. Masiku onsewo Mayi Esinati anali pa ukaidi wosachoka pakhomo, akutsuka phazi la amuna awo ndi kuyang'ana kudako kukukwera.

Pa Lachitatu lachisanu ndi chinayi asilikali anabwera ndi ngolo. Anakweza a Dafuleni, mtolo wa zovala, mabuku ndi makina osokera. Atafika pamtsinje anapeza khamu la anthu likudikira. Kunali amayi oyembekezera, ana otentha thupi ali kumbuyo, nkhalamba zotsamira ndodo, ndiponso amalonda atasenza madengu awo. Ngolo itakwera pamlatho, khamu lonse linalondola.

"Inu mukupita kuti?" msilikali wina anafunsa aNaliyera, amene anali patsogolo ndi dengu la matemba pamutu.

"Tikukaonetsetsa kuti wolakwayu wachokadi, achimwene. Anthu otere amazemba."

"Nanga matembawo?"

"Mwina tichedwa. Kuonetsetsa kumafuna nthawi."

Msilikaliyo anatsegula pakamwa kuti afunse funso lotsatira, koma anakumbukira lamulo, n'kupatuka kuti adutse.

Kuchipatala dokotala anamasula nsalu n'kuyang'ana phazilo. Anati akanabwera masabata atatu apitawo bwenzi atangochotsa chala. Tsiku lotsatira, limene wailesi inavomereza kuti ndi Lachinayi, a Dafuleni anawadula phazi lamanja pamwamba pa kakolo.

Atatsitsimuka masana anapeza akazi awo atakhala pambali pa bedi, maso ali ofiira. Pawindo pankaoneka mlatho, anthu akuwoloka uku ndi uku. Kunamveka kuti mfumu yalamula kuti ukhale pomwepo, kuti wothamangitsidwayo aziona njira yobwerera kwawo tsiku ndi tsiku koma osaiyenda, mtima uzimupweteka.

"Ndinalakwa ine, abambo," anatero Mayi Esinati. "Tanthauzo la mawu aja ndinkalidziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndikanalankhula nthawi imene ija, bwenzi phazi lanu lilipo."

A Dafuleni anayang'ana pamene bulangete linali lophwa, kumapeto kwa bedi.

"Mukanalankhula m'chilimwe, aNangozo, bwenzi atatiwolotsa pansi, madzi ali a m'mawondo. Ife bwenzi tili kuno ndi mapazi athu onse, anthu onse awa ali tsidya lija." Anapumira m'mwamba. "Sindikuti ndakondwa. Phazi lija linali labwino, ndi limene linkadziwa ntchito."

Mayi Esinati anawagwira dzanja. Pabedi loyandikana nalo mayi wina amene anawoloka nawo dzulo lake ankayamwitsa khanda la tsiku limodzi.

"Mawa mukapite kumsika wa kuno," anatero a Dafuleni, maso akutsekeka. "Mukafunse ngati alipo munthu wodziwa kusintha makina kuti azipukusidwa ndi dzanja. Pali madiresi awiri a ukwati amene sindinamalize."